Kukhuta nsima, maselo ali ndi njala

Mu 1990, m'misasa ya anthu othawa nkhondo ya ku Mozambique kumwera kwa Malawi, munabuka matenda amene azachipatala ambiri ankangowadziwira m'mabuku. Odwala ankafika khungu la kuseri kwa manja, la pamwamba pa mapazi ndi la m'khosi litada bii, litauma ndi kung'ambikang'ambika, pomwe khungu lobisika ndi zovala linali bwinobwino. Ena ankatsegula m'mimba osasiya, lilime litafiira psuu, moti ngakhale kumeza phala kunali chintchito. Panalinso ena amene mutu unali utayamba kusokonekera: tulo osabwera, kukwiya msanga, kuiwalaiwala.

Kuyambira February mpaka October chaka chimenecho, anthu oposa 18,000 mwa anthu pafupifupi 286,000 amene madokotala ankawayang'anira anapezeka ndi matendawa, ndipo amayi ndiwo anachuluka kwambiri. Dzina la matendawo ndi pellagra.

Sikuti anthuwa sankalandira chakudya ayi. Chimanga chinkabwera, nyemba ndi mafuta ophikira zinkagawidwa. Chimene chinasiya kufika kwa miyezi ingapo chinali mtedza basi. Ofufuza atayendera mabanja anapeza kuti amene anali ndi kadimba, kapena amene ankakwanitsa kupeza nsomba ndi mtedza mwa njira zawo, ambiri matendawa anawalambalala. Mtedza utayambanso kugawidwa pamodzi ndi mapiritsi a mavitamini, mliri uja unazilala.

Zingatheke bwanji kuti mtedza wodzaza dzanja limodzi ulekanitse munthu wamphamvu ndi munthu wosokonekera mutu, onse akudya nsima yofanana? Kuti izi zimveke, mpofunika kutsatira mbamu ya nsima mpaka kumene imakathera, m'kati mwa maselo osaoneka ndi maso.

Ulendo wa mbamu ya nsima

Gawo lalikulu la ufa ndi sitalichi, ndipo sitalichiyo ndi tizidutswa ta shuga wa glucose masauzande ambiri tolumikizana. Thupi limayamba kutilekanitsa m'kamwa momwe. Ndiye chifukwa chake munthu akatafuna chimanga chowotcha kwa nthawi yaitali amayamba kumva kutsekemera: malovu ali ndi enzyme yotchedwa amylase imene imadula sitalichi. Kapamba amathira amylase ina m'matumbo, ntchito imapitirira, mpaka patsale glucose payekhapayekha amene amalowa m'magazi n'kukafika ku selo iliyonse ya m'thupi.

Kufika m'selo sikuti shugayo wasanduka kale mphamvu. Minofu siingadzikoke ndi glucose, ubongo sungaganize ndi glucose. Zonse zimene selo imachita, kaya kukoka mnofu, kutumiza uthenga m'mitsempha kapena kumanga puloteni watsopano, imazichita ndi kachinthu kotchedwa ATP. Thupi silisunga ATP wochuluka. Amene ali m'minofu atha kutha m'masekondi ochepa munthu atathamanga ndi mphamvu zake zonse, choncho amapangidwa ndi kugwiritsidwa ntchito mobwerezabwereza usana ndi usiku. Akatswiri amawerengera kuti ATP yense amene munthu wamkulu amapanga pa tsiku atamuyika pasikelo akhoza kulemera pafupifupi ngati munthuyo.

Glucose ali ndi maatomu 6 a kaboni. Selo imayamba ndi kumuswa pakati kudzera m'masitepe 10, sitepe iliyonse ili ndi enzyme yakeyake, ndipo pamapeto pamatuluka tizidutswa tiwiri ta makaboni atatuatatu totchedwa pyruvate. Phindu la ntchito yonseyi ndi ATP awiri okha. Ndi ochepa ndithu, koma pa sitepe yachisanu ndi chimodzi pamachitika chinthu chimene nkhani yonse ino yagonapo. Pamenepo enzyme imachotsa haidrojeni ndi maelekitironi ake pa shuga uja, ndipo pamafunika wina woti awalandire. Wolandirayo ndi NAD.

NAD ali ngati wakabaza wa pa depoti. Iye sapita kukagula kapena kugulitsa kanthu pamsika. Ntchito yake ndi kunyamula munthu, kukamutsitsa, n'kubwerera njinga ili yopanda kanthu kudzatenga wina. Akabaza akachepa, anthu amaunjikana pa depoti ngakhale msika uli wotsegula ndipo aliyense ndalama ali nazo m'thumba. M'selo namonso, NAD akachepa shuga amangodikira, ngakhale munthu adye mitanda ingati ya nsima.

Asayansi awiri a ku London, Arthur Harden ndi William Young, ndiwo anayamba kuzindikira mu 1906 kuti madzi a yisiti sawira bwino popanda kachinthu kena kakang'ono kosaonongeka ndi kutentha. Patapita zaka pafupifupi 30, Otto Warburg wa ku Germany anasonyeza kuti mbali ya kachinthuko imene imanyamula haidrojeni ndi nicotinamide. Ameneyu ndi mtundu wina wa niacin, vitamini B3, amene mtedza uli naye wochuluka.

Njira yozungulira ya Krebs

Mphamvu zambiri zimakhala zikadali mu pyruvate, ndipo kuti zituluke amalowa m'tizipinda ta m'selo totchedwa mitochondria. Maselo a mtima ndi a chiwindi amakhala nato masauzande. Polowa, pyruvate amataya kaboni mmodzi amene amatuluka ngati mpweya woipa, n'kusiya kachidutswa ka makaboni awiri kamene kamakoledwa pa coenzyme A. Apanso NAD amanyamula katundu wake.

Chimene chimachitikira kachidutswa ka makaboni awiri kaja anachitulukira Hans Krebs, dokotala amene anachotsedwa ntchito ku Freiburg mu 1933 chifukwa anali Myuda, n'kuthawira ku England. Ali ku yunivesite ya Sheffield, Krebs ankasinja minofu ya pachifuwa pa nkhunda, yomwe imagwiritsa ntchito mpweya mofulumira kwambiri chifukwa ndiyo imaulutsa mbalameyo, n'kumathiramo maasidi osiyanasiyana kuti aone amene akufulumizitsa kupuma kwa minofuyo. Mu 1937 anazindikira kuti maasidiwo sanandondozane pamzere wokhala ndi mapeto. Womalizira amabala woyamba uja, ndipo ntchito imayambiranso. Magazini ya Nature inamubwezera nkhani yake ponena kuti inali kale ndi nkhani zambiri zodikira, ndipo iye anakaisindikiza m'magazini ya ku Holland yotchedwa Enzymologia. Mu 1953 analandira mphotho ya Nobel pamodzi ndi Fritz Lipmann, amene anatulukira coenzyme A.

Njira yozungulirayi ili ndi masitepe 8. Ikazungulira kamodzi, makaboni awiri amatuluka ngati mpweya woipa, womwe uja timaupumira kunja, ndipo NAD amadzazidwa katatu. Kuwerengera zonse kuyambira pachiyambi, glucose mmodzi amafuna maulendo 10 a NAD. Mavitamini ena a m'gulu la B nawo ali pomwepo: B1 amathandiza pyruvate polowa, B2 ndiye amapanga wonyamula wina wotchedwa FAD, B5 ali m'kati mwa coenzyme A. Mavitamini amenewa alibe mphamvu ina iliyonse mwa iwo okha, ndipo amene amagula mapiritsi ake poganiza kuti akumwa mphamvu amalakwitsa. Koma popanda iwo mphamvu za m'chakudya sizituluka.

NAD wodzaza amakatula maelekitironi pa kakhungu ka m'kati mwa mitochondria. Pamenepo pali mapuloteni akuluakulu amene amapatsirana maelekitironiwo, ndipo popatsirana amakankhira haidrojeni tsidya lina la kakhunguko. Haidrojeni wounjikanayo amafuna kubwerera, koma polowera mpamodzi pokha, pa enzyme yotchedwa ATP synthase. Podutsapo amaizungulitsa, kuzungulira kwenikweni, kambirimbiri pa sekondi imodzi, ndipo ikamazungulira imapanga ATP. Peter Mitchell wa ku Britain atanena maganizo amenewa mu 1961 anzake ambiri anamutsutsa, koma mu 1978 anapatsidwa mphotho ya Nobel. Paul Boyer ndi John Walker analandira yawo mu 1997 chifukwa cholongosola mmene enzyme yozungulirayo imagwirira ntchito.

Pamapeto penipeni maelekitironi amalandiridwa ndi okosijeni, n'kupanga madzi. Ichi ndicho chifukwa chachikulu chimene munthu amapumira. Glucose amene anapereka ATP awiri okha poswedwa koyamba paja amatha kupereka pafupifupi 30 akafika pano.

Anthu a kunyanja amene amadya kondowole amateteza sitepe yomalizayi tsiku lililonse. Chinangwa chowawa chimatulutsa poizoni wa cyanide, amene amakatseka ndendende puloteni yopereka maelekitironi kwa okosijeni. Munthu akamudya wambiri amabanika m'maselo, mapapo ali odzaza mpweya. Kuviika chinangwa m'madzi masiku angapo ndi kuchiyanika padzuwa kumachotsa poizoniyo, ndipo amene amadula masiku oviika chifukwa cha njala amakhala akuika banja pangozi yaikulu.

Mafuta ndi mapuloteni amadzera momwemo

Wina angaganize kuti shuga akavuta thupi lingothawira ku mafuta. Mafuta alidi ndi mphamvu zochuluka: galamu imodzi imapereka makalori 9, pomwe sitalichi ndi mapuloteni zimapereka 4. Thupi limasunga shuga wochepa, pafupifupi magalamu 100 m'chiwindi ndi ena mazana angapo m'minofu, ndipo wa m'chiwindiyo amatha munthu akakhala tsiku limodzi osadya. Nkhokwe yeniyeni ndi mafuta a pansi pa khungu ndi a m'mimba, amene angathe kusunga munthu milungu ingapo.

Koma mafuta nawo njira yake ndi yomweyo. Franz Knoop anasonyeza mu 1904, podyetsa agalu mafuta oikidwa chizindikiro, kuti thupi limadula mafuta makaboni awiriawiri. Tengani asidi wa palmitic, wopezeka m'mafuta a kanjedza ndi a nyama. Ali ndi makaboni 16. Amadulidwa kasanu ndi kawiri, n'kupereka tizidutswa 8 timene timalowa m'njira ya Krebs ija. Phindu lake ndi ATP pafupifupi 106, koma kuti zitheke pamafunika maulendo 31 a NAD. Ndiye kuti amene akusowa NAD mafuta sangamupulumutse.

Ubongo ndiye wovuta kwambiri. Kulemera kwake ndi pafupifupi magawo awiri pa 100 a thupi lonse, koma umadya gawo limodzi mwa magawo asanu a mphamvu zimene munthu amagwiritsa ntchito akakhala phee, glucose wokwana pafupifupi magalamu 120 pa tsiku. Sutha kugwiritsa ntchito mafuta mwachindunji. Njala ikakhalitsa, chiwindi chimasandutsa mafuta kukhala ma ketone kuti ubongo upezepo polira, ndipo thupi limayamba kuswa minofu yake yomwe kuti lipange shuga. Kuwonda kwa manja ndi matako kwa mwana wonyentchera kumachokera pamenepa. Nayitrojeni wotsala mapuloteni akaswedwa amasandutsidwa urea m'chiwindi n'kutuluka mumkodzo, njira imene Krebs yemweyo anaitulukira mu 1932 pamodzi ndi Kurt Henseleit.

Mapuloteni ali ndi mbali inanso pankhaniyi. Amamangidwa ndi tizidutswa ta mitundu 20 totchedwa ma amino acid, ndipo mitundu 9 mwa imeneyi thupi silingathe kuipanga lokha. Umodzi mwa mitundu 9 imeneyi ndi tryptophan. Chiwindi chikapeza tryptophan wokwanira chimatha kupanga NAD ngakhale niacin atasowa m'chakudya, ngakhale kuti pamalowa wambiri: mamiligalamu 60 a tryptophan amapereka miligalamu imodzi yokha ya niacin. Mkaka ndi mazira zilibe niacin wochuluka, komabe zimateteza pellagra chifukwa cha tryptophan ameneyu.

Apa ndiye chimanga chimalephera pawiri. Niacin ali m'chimanga ndithu, koma wambiri ndi womangika ku zinthu zina moti matumbo a munthu satha kumumasula. Ndiye puloteni wamkulu wa m'chimanga, wotchedwa zein, alibe tryptophan wokwanira. Munthu wamwamuna amafunika mamiligalamu 16 a niacin pa tsiku, wamkazi 14, woyembekezera ndi woyamwitsa kuposera pamenepo. Wodya nsima yokha ndi ndiwo zamasamba zongopatsa mchere pakamwa safika pa mlingo umenewu.

Mwina wina afunsa: ngati NAD amangopita n'kubwerera, amatheranji? Yankho lake likufotokozanso chifukwa chimene khungu limapsera malo okhawo owombedwa ndi dzuwa. Kuwala kwa dzuwa kumaononga DNA ya m'maselo a khungu, ndipo ma enzyme amene amathamangira kukakonza amaswa NAD n'kumugwiritsa ntchito ngati chipangizo. Woswedwayo ayenera kulowedwa m'malo. Mayi amene amatandala m'munda dzuwa likuswa mtengo amataya NAD pakhungu la manja ndi la m'khosi tsiku ndi tsiku. M'matumbo namo maselo amasinthidwa pakapita masiku ochepa okha, ntchito yofuna mphamvu zambiri, ndipo ikalephereka munthu amatsegula m'mimba. Kutsegulako kumachititsa kuti chakudya chochepa chomwe chija chisalowe m'thupi. Kenaka ubongo umagonja, ndipo popanda chithandizo munthu amamwalira.

Chimanga chinayenda, nzeru yake inatsala

Anthu a ku Mexico ndi Guatemala, kumene chimanga chinachokera, akhala akuchidya zaka masauzande ambiri pellagra osawavutitsa kwenikweni. Iwo asanachipere amachiwiritsa m'madzi a laimu kapena a phulusa n'kuchisiya usiku wonse. Madzi amenewo amamasula niacin womangika uja. Azungu atatenga chimanga m'zaka za m'ma 1500 n'kupita nacho ku Ulaya ndi ku Africa, anatenga mbewu yokha, kaphikidwe kake n'kukasiya. Kuno kwathu madzi a phulusa timawadziwa bwino, ndi chidulo chija amayi amathira m'thelele, koma mwambo wowiritsiramo chimanga sunafike.

Mu 1735 dokotala wa ku Oviedo ku Spain, Gaspar Casal, analemba za matenda a alimi osauka odya chimanga, ndipo mpaka lero chilonda chozungulira khosi chija madokotala amachitchula ndi dzina lake. Kumpoto kwa Italy matendawa anadzaza zipatala za amisala ndi alimi odya phala louma la chimanga. Kumwera kwa United States, pakati pa 1906 ndi 1940, anthu pafupifupi 3 miliyoni anadwala ndipo pafupifupi 100,000 anafa.

Madokotala ambiri a ku America ankakhulupirira kuti ndi matenda opatsirana. Mu 1914 boma linatuma Joseph Goldberger kuti akapeze kachilombo kake. Iye atayendera nyumba za ana amasiye, ndende ndi zipatala za amisala, anaona chinthu chimene ena onse ankachiphonya: osungidwa ankadwala, koma anamwino ndi alonda okhala nawo tsiku lonse sankadwala. Kusiyana kunali m'mbale. Antchito ankadya nyama, mkaka ndi mazira, osungidwa ankadya chimanga, manyuchi ndi mafuta a nkhumba. Atawonjezera mkaka, mazira, nyemba ndi nyama pa chakudya cha ana amasiye a ku Jackson, m'chigawo cha Mississippi, matendawo anatha.

Sanamukhulupirire. Mu 1915 anatenga akaidi odzipereka pa famu ya ndende ya Rankin, amene analonjezedwa kuti akhululukidwa milandu, n'kuwadyetsa chakudya cha amphawi chokhachokha. Patatha miyezi isanu, 6 mwa akaidi 11 anali ndi zizindikiro za pellagra. Kafukufuku wotere lero sangaloledwe, ndipo n'koyenera kuti asaloledwe, chifukwa mkaidi wolonjezedwa ufulu savomera mwa kufuna kwake. Chaka chotsatira Goldberger, mkazi wake Mary ndi anzake anadzibaya magazi a odwala, ena mpaka kumeza makapisozi okhala ndi nkhanambo ndi zonyansa za odwalawo, pofuna kutsimikiza kuti palibe kachilombo. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anadwala pellagra.

Chimene chinakwiyitsa atsogoleri a kumwerako sichinali sayansi. Goldberger ankanena poyera kuti gwero la matendawa ndi umphawi wa alimi a thonje, amene ankalima thonje mpaka pakhomo, opanda dimba kapena ng'ombe, n'kumagula chakudya pangongole m'sitolo ya mwini munda. Pambuyo pake anapeza kuti yisiti yofululira mowa ndi mankhwala otsika mtengo, ndipo mtsinje wa Mississippi utasefukira mu 1927 bungwe la Red Cross linagawa yisiti kwa anthu ambiri. Iye anamwalira mu 1929 asanadziwe dzina la chimene chinali m'yisitimo. Mu 1937, chaka chomwe Krebs anasindikiza njira yake yozungulira, Conrad Elvehjem wa ku yunivesite ya Wisconsin anachiritsa agalu odwala matenda ofanana ndi pellagra powapatsa niacin. Amereka atayamba kuthira niacin mu ufa ndi buledi, matendawa anatsala pang'ono kutheratu m'dziko lawo.

Kwathu kuno sanathe

Lipoti la madokotala lomwe linatuluka mu 2017 linafotokoza za anthu 691 amene anapezeka ndi pellagra m'dera la Kasese m'boma la Dowa, ndipo anachira atapatsidwa niacin. Kumeneko si kumsasa wa othawa nkhondo. Ndi midzi ya alimi, m'chigawo chapakati chimene chimalima mtedza wambiri m'dziko muno.

Zifukwa zake n'zodziwika kwa aliyense wokulira kumudzi. Mtedza ndi soya zikangokololedwa mavenda amakhala atafika kale ndi sikelo zawo, ndipo banja lofuna fizi, feteleza ndi sopo limagulitsa mpaka kutsala wambewu wokha. Pofika January ndi February nsinjiro zasowa, usipa wakwera mtengo, nkhuku zinagulitsidwa kapena zinatha ndi chitopa. Ntchito ya kumunda ndiye imakhala pachimake, padzuwa. Ndiwo zankhuli zikapezeka pang'ono, m'mabanja ambiri zimayambira m'mbale ya bambo, mayi amene akuyamwitsa n'kutsalira msuzi.

Kakonzedwe ka ufa nakonso kali ndi mbali yake. Ufa woyera umene ambiri amaunyadira umadutsa pokonola, kupeta, kuviika m'madzi masiku angapo, kutsuka ndi kuyanika. Mavitamini ambiri, mafuta ndi puloteni wabwinopo wa m'chimanga zimakhala m'khungu ndi m'kamtima ka njere, ndipo zimenezi zimapita ndi madeya kukadyetsa nkhumba ndi nkhuku. Zina zimasungunukira m'madzi oviikira aja n'kutayidwa. Mgaiwa umasunga zambiri, ngakhale kuti nawo paokha sungateteze munthu, popeza niacin wake ndi womangika. Malamulo a dziko lino amafuna kuti makampani opanga ufa wogulitsa m'masitolo azithiramo mavitamini ndi michere ina, ndipo ndi lamulo labwino. Vuto ndi lakuti anthu ambiri ufa wawo sagula m'sitolo. Amanyamula chimanga chawo pamutu kupita nacho kuchigayo cha pamudzi.

Mowa ndi njira ina yolowera matendawa, ndipo m'mayiko olemera ndiyo njira yaikulu imene yatsala. Chiwindi chimagwiritsa ntchito NAD kawiri pophwanya kachidutswa kalikonse ka mowa, mowawo umaononga matumbo kuti asayamwe bwino mavitamini, ndipo womwa kachasu kuyambira m'mawa kawirikawiri sadya. Ambiri otere akayamba kulankhula zosamveka, achibale amati ndi mowa chabe kapena amulodza, osayang'ana manja ndi khosi.

Palinso mankhwala a isoniazid, amene amachiza ndi kuteteza chifuwa chachikulu. Mankhwalawa amasokoneza vitamini B6, amene chiwindi chimafuna posandutsa tryptophan kukhala NAD. Malawi atayamba mu 2017 kupereka isoniazid kwa anthu ambiri amene ali ndi HIV m'maboma ena, azachipatala anaona odwala pellagra akuchuluka, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2022 m'magazini ya The Lancet Global Health anatsimikiza kugwirizana kwa ziwirizi. Izi sizikutanthauza kuti munthu asiye mankhwala payekha, pakuti chifuwa chachikulu chimapha anthu ambiri kuposa pellagra. Zikutanthauza kuti wopereka mankhwala azifunsanso chimene wodwala akudya kunyumba, ndipo womwa mankhwala akaona khungu likusintha abwerere msanga kuchipatala.

Chimene chimadetsa nkhawa n'chakuti dziko lino limayeza njala ndi matumba a chimanga. Nkhokwe zikadzaza timati kuli chakudya, ndipo thandizo likamapita kwa ovutika ndi chilala kapena madzi osefukira, chimene anthu amawerenga pawailesi ndi makilogalamu 50 a chimanga pa banja. Thumba limenelo limaletsa imfa ya msanga, ndipo palibe angalinyoze. Koma Unduna wa Zaumoyo umaphunzitsa za magulu 6 a zakudya, ndipo chiphunzitsocho chimagwirizana ndendende ndi zimene Krebs, Goldberger ndi Elvehjem anapeza. Thandizo la chimanga chokha kwa miyezi yambiri, popanda nyemba, mtedza, nsomba kapena ufa wothiridwa mavitamini, limadzaza mimba n'kusiya khomo la pellagra lotsegula.

Zofunika pakhomo si zapatali. Magalamu 100 a mtedza ali ndi niacin pafupifupi mamiligalamu 12, ndipo niacin saonongeka ndi moto, choncho nsinjiro zothira m'nkhwani kapena m'phala la ana zimagwira ntchito yake bwinobwino. Usipa, matemba, chiwindi, nkhuku, mazira, mkaka, nandolo, khobwe ndi nzama zonse zimathandiza. Banja limene lingasunge ndowa ziwiri kapena zitatu za mtedza kuti zifike nyengo ya dzinja, m'malo mogulitsa zonse mu June, ndiye kuti lagula mankhwala pamtengo wotsika.

Kwa amene wayamba kale kudwala, chithandizo chilipo ndipo n'chosavuta. Bungwe la World Health Organization limalangiza mamiligalamu 300 a nicotinamide pa tsiku, ogawidwa kangapo, kwa milungu itatu kapena inayi, pamodzi ndi mavitamini ena a B ndi chakudya chabwino. Kutsegula m'mimba ndi kusokonekera mutu kumayamba kusintha m'masiku ochepa, khungu limatsatira pambuyo. Mukaona m'bale wanu khungu lada ndi kung'ambika mofanana kumanja onse awiri, kumapazi kapena kuzungulira khosi, makamaka ngati akutsegulanso m'mimba kapena akulankhula zosamveka, musataye nthawi ndi mafuta odzola kapena kufufuza amene wamulodza. Pitani naye kuchipatala, ndipo mukawauze azachipatala zimene wakhala akudya, mowa ngati amamwa, ndi mankhwala onse amene akumwa.